Mapazi Kumapeto kwa Mizere

Fayilo yoyamba inadzuka Lachiwiri m'mawa, ine ndili ndi payi ya nyama kudzanja lamanzere, ntchentche zikundithandiza kudya. Ndinangofunsa Git, chida chimene chimasunga mbiri ya zonse zimene talemba, funso limene ndimafunsa tsiku lililonse ndisanayambe ntchito, loti kodi m'nkhokwe ya pulogalamu yathu mwasintha chiyani. Ndinkadziwa kale yankho lake, kuti palibe. Koma inandionetsa dzina la fayilo imodzi m'zilembo zofiira, n'kunena kuti yasinthidwa.

Ine sindinaikhudze. Mu ofesi yathu ya ku Alice Springs tinatsalamo awiri okha sabata imeneyo, ine ndi abwana athu a Bronwen, ndipo iwo chiyambire m'mawa anali pafoni kunyengerera a boma. Fayiloyo inali ya mlamu wanga, amene tinali titamuika m'manda mwezi wathawo.

Dzina lake simulimva kwa ine. Kuno, kwa eni nthaka a m'chipululu muno, munthu akamwalira dzina lake limagona naye limodzi. Abale salitchula, salilemba, safuna ngakhale kuliona, mpaka akuluakulu a banja adzanene kuti nthawi yakwana. Timangoti Kumanjayi.

Langa lokha nditha kutchula, chifukwa ndikadalipo: Dermot Quilty. Sukulu ndinasiyira panjira, poti ine ndi aphunzitsi sitinkagwirizana kuti wanzeru ndani. Ndaphikapo pamalo omwetsera mafuta, ndayendetsapo lole ya ng'ombe, kenako ndinakhazikika pa mapampu a mijigo, ndipo mapampuwo ndi amene anandikokera m'kompyuta ndili ndi imvi kale. Kabungwe kathu kamamangirira tizipangizo pa mathanki a m'midzi ya m'chipululu. Pulogalamu imawerenga madzi, thanki ikayamba kuuma n'kutumiza uthenga pafoni anthu asanayambe kunyambita paipi. Theka la pulogalamuyo analemba ndi Kumanjayi, theka linalo mlongo wake Sherelle. Ine ndinkangosokerera zigamba.

Ulamu wathu unabwera chonchi. Kalekale azakhali awo, a Dulcie, anatopa ndi mzungu wopanda malo amene ankangofika nthawi ya nyama. Anandipatsa dzina la chibale, Jungarrayi, kuti adziwe pondikhazika. Dzinalo linandisandutsa mwamuna wa Sherelle wapakamwa chabe, ndi mlamu wa mchimwene wakeyo. Mkazi sindinalandire. Ndinalandira ufulu wotukwanidwa tsiku ndi tsiku, ndi wobwezera.

Nkhondo yanga yaikulu ndi Kumanjayi inali ya kumapeto kwa mizere. Mzere uliwonse umene munthu walemba pakompyuta umathera ndi kachizindikiro kosaoneka, kouza makina kuti apa watha, tsikira pansi. Makina athu a Linux amaika kamodzi. Windows imaika tiwiri, chizolowezi cha mataipilaita akale aja, oti uyambe wakankhira pepala kumbali kenako ulikweze. Diso silitiona tizizindikiroti, koma Git imationa. Ndiye mu ofesi yonse ndi Kumanjayi yekha amene anakakamira Windows, palaputopu yolemera ngati batire la lole, chifukwa masewera ake a mpira sankayenda kwina. Paliponse pamene walemba, mzere unkatsala ndi kachizindikiro kowonjezera kaja. Ukakakamiza makina kuti akuonetse, kamaoneka chonchi ^M, ngati phazi la mbalame pamchenga.

"Alamu, mwalowanso m'nyumba osapukuta mapazi," ndinkamuuza.

"Ndimasiyira inu dala, alamu, kuti mukasochera muzinditsata. Munthu wa msinkhu wanuwo saloledwa kuyenda yekha."

"Tsiku lina ndidzakuponyerani chilaputopu chanucho mumtsinje wa Todd."

"Muli madzi mmenemo? Chidzangotuluka chili ndi fumbi, n'kumagwirabe ntchito kuposa inu."

Choncho Lachiwiri limenelo ndinaika payi pansi n'kutsegula kuti ndione chasinthacho. Git inandionetsa mizere yonse ya fayiloyo itafiira, kutanthauza kuti yachotsedwa. Pansi pake inandionetsa mizere yomweyo, mawu omwewo, itabiriwira, kutanthauza kuti yangolembedwa kumene. Ngati munthu wafufuta tsamba lonse n'kulilembanso osaphonya ngakhale kadontho. Ndinalamula kuti itaye zosinthazo, ibwezere fayilo mmene inalili. Inavomera mwaulemu. Nditafunsanso, fayilo ija inali pompo, yofiira.

Ndinaseka, chifukwa ndikachita mantha ndimaseka. Ndinataya kachiwiri. Inabweranso.

Lachitatu zinadzuka zina zitatu. Zonse zinali zake. Za Sherelle zinangogona phee, zanga zinangogona phee. Masana, chipangizo chozizirira mpweya chikulira padenga, ndinapezeka ndikutembenuka kuyang'ana desiki yake ya pakona, imene tinaiphimba ndi nsalu. Panalibe kanthu. Khwangwala yekha pawindo, akundiyang'ana ngati tinasiyana ndi mlandu.

Sherelle anabwera Lachinayi kuchokera kumsasa wa maliro, tsitsi atameta mpala, thupi litatha. Anakoka mpando wake osayang'ana kukona kuja.

"Akazanga," ndinatero, "mwametetsa kuti tizifanana?"

"Lanu linachita kuthawa, mdala. Langa limera." Anayesa kumwetulira, sizinatheke.

Anatsegula laputopu. Apa ndi pamene ndinayenera kumugwira dzanja, koma nzeru zinafika mochedwa. Chida chimene timalembera pulogalamu chili ndi khalidwe lina: ukaika kankhoni, kachizindikiro kophethira kosonyeza pamene uli, pamzere, kumapeto kwake chimalemba m'zilembo zotuwa dzina la amene anaukhudza komaliza. Zimathandiza kudziwa woti umukalipire. Sherelle anaika pamzere woyamba, dzina linatuluka. Anatsika, linatsika naye. Anatsikanso, linamutsatira. Anatseka laputopu pang'onopang'ono ngati akuphimba mphika wa njoka.

"Zimenezo tingathe kuzimitsa," ndinafulumira. "Batani limodzi basi."

Ndinamuzimitsira. Koma ntchito yake sinkalola kuti akhale wosaona. Pampu ikasiya kuyankha, uyenera kufunsa kuti mzere uwu unasintha liti, ndipo yankho limabwera ndi dzina. Kuwonjezera apo, atangofunsa Git funso lam'mawa lija, mafayilo anayi anamuimirira ofiira. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Wawakhudza ndani?"

"Palibe."

"Dermot."

"Ndikulumbira. Ukawataya amabwera."

"Kumudzi tinasesa," anatero motsitsa mawu. "Pabwalo, kusitolo, pabwalo la mpira, paliponse pamene anaponda tinasesa ndi masamba. Nyumba tinasamukamo. Ndiye ndifike kuno ndipeze akuyendabe? Ine pano sindikhala. Azakhali akubwera mawa kudzafukiza ofesi. Akamabwerera ndikwera nawo."

"Ukwere ukatani? Kumudzi kuli ntchito yanji?"

"Kulibe. Koma kulibenso izi."

Anatuluka kukakhala pamthunzi wa kuseri. Ine ndinalowa kwa a Bronwen. Mayi ameneyu ndi wa ku Adelaide, wamadigiri okwanira kufolera khola, ndipo Git amaidziwa kuposa tonsefe. Ndinawapeza akuyang'ana chithunzi cha chikwangwani chamkuwa chimene ankafuna kukhoma pakhomo, chokhala ndi dzina la malemu ndi nkhope yake. Ndinali nditawauza kale kuti akachikhoma, tsiku lomwelo palibe wa m'banjamo adzalowenso pakhomo limenelo. Anachisiya, koma ankachitsegulabe pamene akuganiza kuti palibe akuona.

"Abwana, Sherelle akupita."

Anavula magalasi. Nditawafotokozera za mafayilo odzuka, sanachedwe. "Wina waika lamulo la mathero a mizere osasesa zakale. Tayang'ana zomwe zinalowa komaliza."

Tinayang'anira limodzi. Chinthu chomaliza kulowa m'nkhokwe chinali kafayilo kakang'ono, kolamula kuti kuyambira tsopano mizere yonse izithera ndi chizindikiro chimodzi. Anakaika ndi Kumanjayi, Lachisanu madzulo, ine nditathawa kale kukafuna chozizira. Pamwamba pake analemba mawu ofotokoza, monga timachitira tonse: Chabwino alamu, mwapambana. Lamulo ndaika, kusesa ndidzasesa Lolemba.

Lamlungu galimoto yawo inagubuduka mumsewu wa Tanami akuchokera kumpira.

A Bronwen anafotokoza ngati kufotokozako ndiko kukuwagwira kuti asagwe. Lamulo likuti chizindikiro chimodzi, mafayilo ake ali ndi ziwiri. Git siwerenga mafayilo onse nthawi zonse, imawerenga okhawo amene yawakayikira, n'chifukwa chake amadzuka mosinthana. Ikawerenga n'kupeza kuti sakugwirizana ndi lamulo, imati asintha. Ukataya, imakubwezera omwewo a zizindikiro ziwiri, n'kudandaulanso.

"Ndiye tingosesa," ndinatero. "Lamulo limodzi, mizere yonse iwongoke."

"Ukudziwa chimene chichitike?"

Ndinkadziwa. Aliyense wa ntchito imeneyi amadana ndi kusesa koteroko. Ukachotsa kachizindikiro kumapeto kwa mzere, Git imawerenga kuti mzere wonsewo wakhudzidwa, ndipo dzina limene limaoneka pambali pake limakhala la wosesayo. Mizere yonse ya Kumanjayi ikanavala dzina la munthu wina.

"Anthu anzeru akasesa," anapitiriza a Bronwen, "amalemba nambala imene Git imapatsa kusesako m'kafayilo kouza Git kuti pofufuza mwini mzere izilumpha pamenepo. Mayina akale amaonekabe. Tichita zimenezo."

"Ndiye mafayilo agona, dzina likhalapobe, Sherelle akwera basi."

"Dermot, mnyamata uja ndinamulemba ntchito ndine. Anafika pano asakudziwa ngakhale kutseka bulaketi polemba pulogalamu. Mizere imeneyo ankainyadira. Chikwangwani mwandikaniza, chithunzi mwandikaniza, kumaliro ndinangoima patali ngati mtengo. Ndatsala ndi dzina lotuwa lija basi. Ndimatsegula m'mawa uliwonse. Ndiye ukufuna ndilikwirire ndi dzina lako? Iwe amene umalemba ngati nkhuku ikupalasa?"

"Nkhuku imapeza chakudya, abwana."

"Usandiseketse, sindikufuna."

Ndinatuluka. Ndinapita kuseri kwa Sherelle ndili ndi nkhani yabwino, mmene ndinkaganizira. Ndinamuuza kuti si mzimu, ndi lamulo limene mchimwene wake anaika n'kulephera kumaliza. Ndinamufotokozera zonse, za zizindikiro, za Lolemba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akujambula pansi ndi kamtengo.

"Ndiye anayamba kusesa mapazi ake yekha," anatero, "n'kusiyira pakati."

"Eya."

"Ndipo chiyambire pamenepo zinthu zake sizikugona."

"Eya, koma ndi chifukwa cha..."

"Mdala, mwanena chiyani chosiyana ndi chimene ndinanena ine?"



Lachisanu dzuwa litakwera, a Dulcie anafika pa galimoto yodzaza amayi, onse atanyamula nthambi za bulugamu. A Dulcie ndi mayi wamfupi, wovala juzi ya timu ya mpira ngakhale kutenthe bwanji, katswiri wa makhadi amene wandisiyapo ndi kabudula yekha. Sanapereke moni wautali. Anayatsa masamba aawisi m'chitini, utsi n'kudzaza ofesi mpaka belu lochenjeza za moto linalira, ine n'kukwera pampando kukalichotsa batire. Amayiwo anayenda mondondozana, akulira motsitsa, akukwapula pansi ndi nthambi: pakhomo, panjira yopita ku ketulo, mozungulira desiki ya pakona, mpaka pamene ankaimika galimoto. Laputopu yolemera ija anaikulunga m'bulangete n'kuitulutsa. A Bronwen anaima pakhoma, manja atapinda, misozi ikutsika, osadziwika ngati ndi ya utsi.

Atamaliza, a Dulcie anaima kutsogolo kwanga, nthambi ili m'manja.

"Jungarrayi. Mwanayu akuti m'makinamo mulinso mapazi."

"Alimo, azakhali."

"Tandionetsa."

Ndinatsegula fayilo imodzi, nditabisa mayina, n'kulamula kuti tizizindikiro tobisika tionekere. Tinatsika kumapeto kwa mizere kuchokera pamwamba mpaka pansi, tolondolozana, kupindika pamene mzere wafupika, kutuluka pamene watalika. Ndinali nditationa kambirimbiri. Tsiku limenelo ndinaona njira ya munthu akuyenda. Tsitsi limene ndilibe linaima.

A Dulcie anawerama, n'kugwedeza mutu ngati aona chinthu chodziwika. "Ndiye ukudikira chiyani? Mlongo wake sangagwire zimenezi. Iwe ndiwe mlamu. Nyama unkadya, ntchito yake ndi imeneyi."

"Abwana akuti..."

Anatembenukira kwa a Bronwen. "Mayi, mukulira mwana wanga?"

"Ndikumulira, amayi."

"Lirani. Koma musamuitane. Dzina likamaoneka amatembenuka, akatembenuka safika kumene akupita. Inu mukufuna azingozungulira muno?"

A Bronwen anasendera pafupi ndi kompyuta. Anayang'ana mizere ija, anayang'ana Sherelle amene anaima pakhomo ndi chikwama chake paphewa, phazi limodzi lili kale panja. Kenako anapukuta magalasi ndi malaya.

"Sizifufutika," anatero, ngati akudziuza okha. "Zimangokwiririka. Zakale zonse zimakhala pansi pake." Anakoka mpweya. "Sesa, Dermot. Nambala ija sitiika m'kafayilo. Ndiisunga ine. Amayi, tsiku limene banja lidzati dzina lidzuke, mudzandiuze. Ndi mzere umodzi wokha, mayina onse adzabwerera m'malo mwake."

"Tidzakuuzani," anatero a Dulcie. "Si chaka chino. Mwina si chamawa."

Ndinakhala pansi. Ndinalemba lamulo losesa. Mayina a mafayilo anatsika pagalasi ngati mvula yoyamba, onse ake, ena amene ndinali nditaiwala kuti alipo. Git inandifunsa mawu ofotokoza. Ndinaganiza zoyankha uthenga wake uja, ndinali nawo mawu okonzeka, achipongwe ndithu. A Dulcie anali chilili kumbuyo kwanga. Ndinangolemba kuti: Kusesa. Pamene ndinkadina batani, iwo anakwapula kiyibodi ndi nthambi ija kamodzi, tsamba limodzi n'kutsalira pakati pa zilembo.

Ndinafunsa funso lam'mawa lija. Git inayankha kuti palibe chasintha. Ndinadikira, ndinafunsanso. Palibe.

Sherelle anakhalabe pakhomo mpaka amayi onse atakwera. Galimoto inaliza hutala. Anapita pawindo lake, analankhula ndi azakhali ake m'chinenero chawo, anatulutsa botolo la madzi m'chikwama n'kuwapatsa. Galimoto inanyamuka, iye n'kutsala m'fumbi. Atalowa anaika chikwama pansi pa desiki, anatsegula laputopu, anakoka zatsopano m'nkhokwe, n'kuyatsanso yekha mayina otuwa aja. Anaika kankhoni pamzere woyamba. Ndinamuona mapewa akutsika.

Anawerenga kwa kanthawi, kenako anati, "Amunanga."

"Ee, akazanga."

"Apa akuti munalemba ndinu kachidutswa kowerengera kuuma kwa thanki nthawi yotentha. Kokongola chonchi. Tandifotokozereni mmene kamayendera."

"Ndinalemba ndili ndi malungo, sindikumbukira."

Anaseka, kuseka kwenikweni, kenako anaphimba nkhope ndi manja awiri, ndipo ine ndinapita kukaika batire m'belu la moto kuti ndisaone zotsalazo.

Sherelle alipo mpaka lero, tsitsi linamera, pakamwa panabwerera mwakale. Mafayilo sanadzukenso. A Bronwen ali ndi nambala yawo penapake, sindifunsa.

Watsala ndi vuto ndi ine. Chida cholembera chija chikaona kuti mzere unakhudzidwa komaliza ndi mwini laputopu, sichilemba dzina. Chimangolemba kuti: Inu. Ndiye ndimatsegula mafayilo aja masana, kunja kukuwira, n'kumatsika mzere ndi mzere m'nzeru zimene mutu wanga sungabereke, ndipo kumapeto kulikonse kwalembedwa Inu, Inu, Inu. Mkati mwa pulogalamu iye ankasiyamo timawu ta pambali, tofotokozera wobwera pambuyo. Sabata yatha pampu ina inavuta, ndinatsika mpaka pakati pa fayilo imene ndinali ndisanaiwerengepo, n'kupeza kena kotere: Alamu, mukafika pano musakhudze, ndikukuonani.

Pambali pake panalembedwa kuti ndinalemba ndine. Ndinachotsa manja pa kiyibodi, ndipo sindinatembenuke kuyang'ana kukona.